Suti ya mu Minecraft singatchinge cheza cha nyukiliya

Ngati mwana wanu amatha maola ali pa kompyuta, kapena amaonera mavidiyo a Minecraft pa foni, mwina munamumvapo akutchula za riyakita, yureniyamu ndi zinyalala za nyukiliya. Musadabwe. Minecraft, gemu yomanga zinthu ndi timabokosi yomwe inapangidwa ndi kampani ya Mojang ya ku Sweden, imalola anthu ena kuwonjezeramo zawozawo zomwe amazitcha mamodi. Modi ina yotchuka, Mekanism, imalola wosewera kukumba yureniyamu, kumanga riyakita yopangira magetsi, kenako n'kumusiya aone yekha chochita ndi zinyalala zotulukamo. Akalakwitsa, dera lonse limaipitsidwa ndi cheza choopsa, chomwe ena amangochitcha radiyeshoni, ndipo munthu wake wa mu gemuyo amadwala n'kufa.

Ife a tsamba lino sitikuona chifukwa choletsera gemu yotere, bola sukulu ndi tulo zisasokonekere. Mwana amene waphunzira kuti cheza sichioneka, sichinunkha, ndipo amachidziwa ndi kachipangizo kolira kotchedwa Geiger, wadziwa zomwe akuluakulu ambiri sazidziwa. Koma opanga magemu amafewetsa dala zinthu zina kuti masewera akome, ndipo zina mwa zofewetsazo munthu atazitengera kunja kuno zingamuphetse. Apa ndi pomwe inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo mukufunika.

Tiyambe ndi suti. Mu Mekanism, wosewera akavala suti yonse ya hazmat, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, cheza sichimukhudzanso. Chovala chotero kulibe padziko pano. Masuti amene mumaona pa TV, ofanana ndi aja ankavala achipatala nthawi ya Covid-19, ntchito yake ndi kutchinga fumbi kuti lisamatirire pakhungu kapena kulowa m'mapapo. Cheza chenichenicho chili mitundumitundu. Cha alpha chimaimitsidwa ndi pepala, ngakhale khungu lomwe, ndipo chimaopsa chinthu chochitulutsa chikamezedwa kapena kupumidwa. Cha beta chimaimitsidwa ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu. Cha gamma ndiye chovuta: chimadutsa nsalu, pulasitiki ndi thupi la munthu. Mtovu wochindikala mamilimita pafupifupi 7 umangochepetsa ndi theka cheza cha gamma chochokera ku caesium-137, ndipo kuti chitsalepo kota muyenera kusanjikizapo mamilimita 7 ena. Mtovutu ndi wolemera kuposa chitsulo. Suti yoti itchinge zonse palibe angadzuke nayo pampando. N'chifukwa chake zipinda zochizira khansa ndi cheza zimakhala ndi makoma a konkire ochindikala kuposa mita, ndipo woyendetsa makina amatuluka n'kumaona wodwala pa sikirini.

Chimene gemuyi inalondola ndi nkhani ya mtunda. Mukachoka pa mita imodzi n'kuima pa mamita awiri kuchokera pa kanthu kotulutsa cheza, mphamvu yofika pa inu imatsala kota. Pa mamita 10 imatsala gawo limodzi mwa magawo 100. Nthawi nayonso imawerengedwa: amene wakhalapo mphindi imodzi walandira zochepa kuposa amene wakhalapo ola. Miyendo yanu, tingatero, imateteza kuposa chovala chilichonse chomwe mungagule.

Mwa apo ndi apo timamva za anthu okana kujambulidwa X-ray pachifuwa poopa cheza, pomwe akutsokomola kwa masabata. Mantha amenewa alibe maziko. Makina a X-ray akazimitsidwa satulutsanso kanthu, ndipo wojambulidwayo sanyamula cheza kupita nacho kunyumba. Chithunzi chimodzi cha pachifuwa sichiposa cheza chomwe thupi limalandira mwachilengedwe kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi kumlengalenga pa masabata awiri. TB yosapezeka msanga ndi yoopsa kutalitali. Chofunika n'chakuti mayi woyembekezera, kapena amene akukayikira, anene asanajambulidwe.

Tsopano zinyalala. Mu gemu, wosewera amazithira m'migolo yapadera, ndipo akadikira zimaphwera pang'onopang'ono mpaka kutha. Mgolowo akauswa muli zinthu, cheza chimamwazika. Apa opanga gemu ananena zoona. Koma kuphwerako kunja kuno kumatengera mtundu wa chinthucho, ndipo palibe moto, madzi kapena mankhwala omwe angakufulumizitse. Iodine-131 imataya theka la mphamvu yake pa masiku 8 aliwonse. Cobalt-60 imafuna zaka zisanu ndi miyezi. Caesium-137 imafuna zaka pafupifupi 30, pomwe plutonium-239 imafuna zaka 24,000. Dziko la South Africa, lomwe lili ndi siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Koeberg pafupi ndi Cape Town, limakwirira zinyalala zake zochepa mphamvu ku Vaalputs m'chigawo chouma cha Northern Cape, koma mafuta ogwiritsidwa kale ntchito mu riyakita akusungidwabe pa siteshoni pomwepo. Dziko la Finland linakumba malo otchedwa Onkalo, mamita oposa 400 pansi pa thanthwe, oti liziikamo mafuta otere m'zitini zamkuwa zokutidwa ndi dongo, ndi cholinga choti zikhale kutali ndi anthu kwa zaka 100,000.

Kuno ku Malawi tilibe riyakita, koma tili ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe kampani ya Paladin inatsegula mu 2009 n'kuimitsa mu 2014 mitengo itagwa, ndipo kampani ya Lotus Resources inayambanso kukumba mu 2025. Zotsalira za mgodi si zamphamvu ngati za mu riyakita, koma zimakhala zambiri ndipo zimakhalitsa kuposa kampani iliyonse. Njira zomwe zingafikire anthu ndi fumbi ndi madzi. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zonsezi. Ife tikuti zotsatira za kuyeza madzi ndi mpweya wa m'madera ozungulira mgodi zizifika kwa anthu a kumeneko m'chiyankhulo chomwe akumva, ndipo makomiti a zaumoyo a m'midzi asachite manyazi kuzifunsa.

Komabe ngozi yomwe ingafike pakhomo la munthu wamba kulikonse ndi ina, ndipo gemu siiphunzitsa. Mu Seputembala 1987, mu mzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awiri analowa m'chipatala cha khansa chomwe chinasiyidwa, n'kuzula mbali ina ya makina kuti akagulitse ngati zitsulo zakale. Mkati mwake munali caesium-137. Ataboola, anapeza ufa womwe unkawala ndi mtundu wa buluu mumdima. Mwini malo ogulira zitsulo anaukonda, anapita nawo kunyumba, n'kugawirako abale ndi anansi. Ena anaupaka pakhungu. Mtsikana wa zaka 6 anadya chakudya ufawo uli m'manja. Anthu anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kutupa manja, ndipo poyamba ankaganiza kuti adya zoipa. Patapita masabata awiri, mkazi wa mwini malowo ndi amene anazindikira kuti matendawa anayamba chitsulocho chitafika. Anachiika m'thumba, n'kukwera nacho basi kukachipereka ku ofesi ya zaumoyo. Anapulumutsa ambiri, koma iye anamwalira, pamodzi ndi mtsikana uja ndi antchito awiri a pamalopo. Anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, 249 anapezeka ndi ufawo pathupi kapena m'thupi, ndipo nyumba zingapo zinagwetsedwa.

Ganizirani ana a m'matauni mwathu omwe amatola zitsulo kukagulitsa pa sikelo. Zinthu zotulutsa cheza sizipezeka m'zipatala mokha. Zimakhalanso m'zipangizo zina zoyezera za m'migodi, m'mafakitale ndi za omanga misewu, ndipo zimasowa ngakhale m'mayiko olemera. Mu Januwale 2023 kabotolo kachitsulo ka caesium-137, kotalika mamilimita 8 okha, kanagwa m'lole ku Western Australia, ndipo akatswiri anasakasaka msewu wa makilomita 1,400 asanakapeze. Kanthu kochepa ngati njere ya nyemba, konyezimira, koti mwana angakaike m'thumba la kabudula.

Choncho mwana akakuonetsani riyakita yake, mufunseni akuonetseni chizindikiro cha cheza: chozungulira, cha mapiko atatu ngati fani, pa mtundu wachikasu. Kuyambira mu 2007 palinso china cha makona atatu chofiira, chokhala ndi chigaza ndi munthu akuthawa, chomwe chinapangidwa zitaoneka kuti anthu ambiri sadziwa tanthauzo la choyambacho. Muuzeni kuti akaona chimodzi mwa ziwirizi pa chitsulo, kapena akapeza chitsulo chaching'ono cholemera modabwitsa, asachigwire, asachiboole, asabwere nacho kunyumba. Atalikire n'kuuza wamkulu. Inu wamkulu musachinyamule kupita nacho kupolisi kapena kuchipatala. Chisiyeni pomwepo, thamangitsani anthu, ndipo dziwitsani apolisi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kuti aitane akatswiri.

Amene wachigwira kale avule zovala zakunja, zomwe zimachotsa fumbi lochuluka, aziike m'jumbo n'kumanga, asambe ndi sopo ndi madzi ambiri osakhula khungu, kenako apite kuchipatala akanene chomwe anagwira, tsiku lake ndi nthawi yomwe anakhala nacho. Kwa inu oyendera makomo: anthu angapo a nyumba imodzi akamasanza ndi kutsegula m'mimba, kolera ndi chakudya choipa ndizo zoyamba kuganizira, ndipo atumizeni kuchipatala msanga. Koma mukaonanso zilonda zonga zamoto m'manja kapena pantchafu pomwe munthu sanapse, funsani ngati pali chitsulo chachilendo chomwe chalowa pakhomopo masiku apitawa, ndipo yankho lake mulilembe pa kalata yowatumizira kuchipatala.