Ulemu kwa Otolera Mawu

Achinyamata anzathu, masiku ano ulemu umapita kwa munthu amene wapeka chinthu chatsopano. Iye amene amatolera ndi kusanja zimene ena analemba kale timamuyesa wongokopera. Ife tikuti maganizo oterewa ndi olakwika, ndipo mbiri ya dikishonale yaikulu ya Chingerezi ya Oxford ikutichitira umboni.

M'chaka cha 1879, James Murray atakhala mkonzi wa bukuli, anapempha anthu okonda kuwerenga kuti amuthandize mwaulere. Ntchito yawo inkaoneka yonyozeka: kuwerenga buku, kusankhamo liwu, ndi kulemba pa kapepala chiganizo chimene liwulo lapezekamo, pamodzi ndi dzina la bukulo, chaka ndi tsamba. Timapepalati tinachuluka kufika mamiliyoni, ndipo Murray ankatisanja m'kanyumba ka malata. Mmodzi mwa amene anatumiza tambiri, William Chester Minor, ankachita izi ali m'chipatala cha odwala misala cha Broadmoor. Murray anamwalira mu 1915 ntchito ili m'kati, ndipo bukulo linamalizidwa mu 1928. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Mtima womwewo ndi umene unabala Wikipedia mu 2001, buku la pa intaneti lolembedwa ndi anthu ongodzipereka. Ena amati: poti aliyense angathe kulembamo, tingalikhulupirire bwanji? Nkhawayi ndi yomveka, pakuti zolakwika zimalowamodi. Koma mankhwala ake ndi omwe aja a pa kapepala ka Murray: wotolera anene kumene waitenga mfundo, kuti wobwera pambuyo akaone yekha ndi kukonza. Chimene chimapatsa mphamvu ntchito yotereyi ndi kukhulupirika kwa wotolera, amene amadziletsa kuthiramo zake.

Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake n'zochepa zedi poyerekeza ndi za Chingerezi. Mwana wofuna kudziwa za phiri la Mulanje kapena za John Chilembwe m'chinenero chake amapeza zochepa, pamene mabuku onena za izi ali m'malaibulale, akudyedwa ndi chiswe ndi fumbi.

Choncho tisadikire akatswiri okha. Sabata ino aliyense atenge buku limodzi lodalirika, alembemo ndime imodzi m'mawu akeake, ndipo atchule tsamba limene mfundoyo yachokera. Dzina lathu mwina silidzakumbukika, koma mwanayo adzapeza chowerenga.