Thadzi Lofungatira

Ana inu, pakhomo pathu pali mmisiri wina amene sitimlemekeza monga kuyenera. Salipidwa kanthu, safuna magetsi kapena mafuta, ndipo ntchito yake sanaiphunzire kusukulu. Ndilo thadzi la nkhuku zathu zachikuda, zija zipalasa padzala ndi kuseri kwa nkhokwe.

Litaikira mazira khumi kapena kuposerapo, thadzi lisandulika mtima. Lileka kutsata tambala, likhala m'chisa usana ndi usiku, ndipo munthu akatambasula dzanja lake, ilo liimika nthenga ndi kumjompha. Pamenepo titi lafungatira. Anthu ena akwiya nalo, nati, "Nkhuku iyi yaleka kuikira, ingotha madeya chabe, tikaigulitse kumsika wa ku Mitundu, kapena tiphere alendo." Koma ine nditi munthu wotere ataya chuma choposa zonse za m'khola mwake. Thadzi lodziwa kufungatira si la ndiwo ayi.

Tamverani chifukwa chake. Mudziwa nkhuku zazikulu zakuda zija tizitcha za Mikolongwe. Dzina lake lenileni ndilo Black Australorp, pakuti mtundu wake unachokera ku Australia, ndipo kuno zinatenga dzina la Mikolongwe, malo a m'boma la Chiradzulu kumene Boma linayamba kuziweta ndi kuzigawira anthu a m'midzi m'zaka za m'ma 1950. Ndi nkhuku zabwino ndithu: zikula msanga, ndipo ziikira mazira ambiri ndi aakulu. Palinso nkhuku zofiira za m'mafamu, zimene ziikira pafupifupi tsiku ndi tsiku. Koma taonani, anthu posankha nkhuku zoikira kwambiri, anasankhanso zosakonda kukhala pamazira, pakuti thadzi lofungatira siliikira. Chotero nkhuku ya kufamu iikira dzira ndi kuchokapo, osalicheukanso. Mwini nkhuku zotere, zikakalamba, ayenera kupita ndi ndalama kukagula anapiye ena. Koma mwini thadzi lachikuda agula mazira okha a Mikolongwe kwa mnansi wake wokhala ndi tambala, nawaika pansi pa thadzi lake, ndipo ilo liwaswa ndi kuwalera ngati ana ake. Silifunsa kuti, "Kodi awa ndi a yani?"

Alipo makina oswetsa mazira, ndipo ophunzira zaulimi ku Bunda, patsinde pa phiri lija tiliona tili ku Mitundu, awadziwa bwino. Makinawo aswa mazira mazana nthawi imodzi, sindiwanyoza. Koma afuna moto wosazima masabata atatu, ndipo nyumba zambiri za kwathu zilibe magetsi. Afunanso munthu wodziwa kuyesa kutentha ndi chinyezi. Zonsezi thadzi lizichita lokha. Lithothola nthenga za pachifuwa pake kuti khungu likhudze mazira, liwafunditsa pafupifupi madigiri 38, ndipo liwatembenuza ndi mlomo kawirikawiri kuti kamwanapiye kasamamatire kuchigoba. Ndiponso makina akaswa, ntchito yawo yatha. Safungatira anapiye usiku wa mwezi wa Juni, ndipo sawachenjeza mphamba akamazungulira.

Wina adzati, "Nanga bwanji thadzi lathu linafungatira mazira 18, ndipo anaswa asanu okha?" Funso limenelo ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'chiwerengero chomwecho. Thadzi lachikuda ndi laling'ono thupi. Likhoza kufundira bwino mazira 10 kapena 12. Akakhala aakulu a Mikolongwe, 8 kapena 10 akwanira. Mukaonjezerapo, ena atsalira kunja kwa mapiko nazizira. Mwina muganiza kuti adzaonongeka a kunja okhawo. Ayi. Thadzi potembenuza likankhira a m'kati kunja, ndi kukokera a kunja m'kati. Chotero dzira lililonse lilandira tsiku lake la kuzizira, ndipo ambiri asukusa. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mazira opitirirawo ndi bwino kuwadya ali abwino, pakuti ana a sukulu asowa chakudya chotere, kusiyana ndi kukawataya kudzala atanunkha.

Posankha, tengani mazira a nkhuku zoyenda ndi tambala. Dzira la m'sitolo, lochokera kufamu kumene kulibe tambala, silingaswe ngakhale thadzi likhalepo chaka. Tambala mmodzi akwanira matadzi khumi. Mazirawo akhale atsopano, osapitirira masiku asanu ndi awiri kapena khumi chiikirire, osang'aluka, osachepetsa, osatalikitsa. Musawatsuke ndi madzi, pakuti chigoba chili ndi timaenje tosaoneka ndi maso timene kamwanapiye kapumira, ndipo madzi alowetsa zoipa m'menemo. Powasunga, aikeni pamalo pozizira, nsonga yake iloze pansi.

Tsono tengani pensulo yanu ya kusukulu, kapena khala, mulembe chizindikiro pa dzira lililonse, ndi kuwaika onse tsiku limodzi, madzulo, thadzi litafatsa. Chizindikirocho chili ndi ntchito yaikulu. Matadzi ena akonda kuikira m'chisa cha mnzawo, ndipo dzira lolowa mochedwa silidzaswa pamodzi ndi anzake. Thadzi lidzachoka ndi anapiye oyamba, ilo lidzafera m'chisa. Dzira lopanda chizindikiro lichotseni tsiku lomwelo. Kuwerenga masiku sikuvuta: dzira la nkhuku liswa pa masiku 21, ndiwo masabata atatu, chotero mukaika Lolemba, yembekezani anapiye Lolemba lachitatu. Mazira a nkhanga atenga masiku 26 kufikira 28, ndi a abakha athu aja a nkhope yofiira masiku 35. Chifukwa chake musawasakanize tsiku limodzi ndi a nkhuku.

Chisa chikhale pa mdima pang'ono, posadontha, posafika galu kapena likongwe. Dengu lakale lokhala ndi udzu wouma likwanira. Mdani wamkulu wa thadzi lofungatira ndi wamng'ono koposa onse, ndiye utitiri. Umyamwa magazi usiku kufikira thadzi litopa ndi kuthawa mazira ake, anthu ndi kumati ndi nkhuku yopusa. Thirani phulusa pansi pa udzu, ndipo kuno kwathu, kumene fodya sasowa, masamba ake ouma athandizanso. Udzu wa chisa chakale utenthedwe. Ikani madzi ndi chimanga pafupi. Thadzi lituluka kamodzi pa tsiku kukadya ndi kusamba m'fumbi. Musalipirikitse kuti libwerere, lidziwa lokha nthawi yake.

Pa tsiku la 10 mukhoza kuona chinthu chodabwitsa. Usiku, tengani dzira mofatsa, muliunike ndi tochi mutaliphimba ndi dzanja. La moyo lionetsa timitsempha tofiira ngati mizu ya mtengo, ndi kanthu kakuda pakati. Lopanda moyo liwala mbee. Loterolo lichotseni lisanaphulike ndi kuipitsa anzake. Koma chitani ichi kamodzi kokha, pamodzi ndi amayi kapena agogo, osati tsiku ndi tsiku kuonetsa anzanu. Ndidziwa kuti manja a ana ayabwa.

Masiku atatu otsiriza musakhudze kanthu konse. Kamwanapiye kalowetsa mlomo wake m'kachipinda ka mpweya kamene kali kumbali yaikulu ya dzira, kayamba kupuma, ndipo mukatchera khutu mudzakamva kakulira m'kati, make ndi kumayankha. Pamlomo pake pali kadzino kogogodera chigoba, kamene kagwa patapita masiku owerengeka. Ntchitoyo ikhoza kutenga tsiku lathunthu. Musakathandize kuswa, pakuti mukang'amba msanga mudzadula timitsempha ndipo kadzafa. Musafulumirenso kukadyetsa, kanameza chikasu cha dzira m'mimba mwake kasanatuluke, ndipo ndicho kamba wake wa tsiku loyamba ndi lachiwiri.

Nyengo yabwino yofungatiritsa ndiyo ya masika, mvula itatha ndi chakudya chili mbwee pabwalo. Anapiye a m'dzinja afa ndi chinyezi, ndipo a m'chilimwe akumana ndi chitopa, nthenda ija itha khola lonse m'sabata imodzi. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, koma chili ndi katemera wotchedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono, miyezi inayi iliyonse. Uzani atate ndi amayi afunse kwa alangizi a ziweto a ku Mitundu kapena ku Nathenje. Masabata oyamba sungani thadzi ndi ana ake m'kakhola kansungwi kapena pansi pa dengu lalikulu, muziwapatsa madeya, chiswe ndi masamba odula, ndi madzi m'mbale yosazama yoikamo timiyala kuti asamire.