Agogo oiwala si mfiti

Chaka chilichonse, pa 21 Seputembala, dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer, omwe amafufuta nzeru za munthu pang'onopang'ono mpaka kuiwala ndi ana ake omwe. Nkhani ya katemera wa matendawa yamvekanso, ndipo tikuwayamikira akatswiri amene sakugwa ulesi.

Komabe tisathamange magazi, katemera wovomerezeka palibe. Wa AN1792 anamuimitsa mu 2002 pomwe anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse amene anabayidwa anatupa ubongo. Wina, ACI-24.060 wa kampani ya AC Immune ya ku Switzerland, akadali pa kafukufuku. Cholinga chake ndi chakuti chitetezo cha m'thupi chizichotsa amyloid amene amaundana mu ubongo. Mankhwala a lecanemab, omwe America inavomereza mu 2023, amangochedwetsa matendawa, ndipo mtengo wake anauika pa madola 26,500 pachaka. Mlimi wa ku Milange angagulitse matumba angati a nandolo kuti akwanitse? Choncho wina akakutsatsani kabotolo pamsika wa Milange kapena pa Muloza n'kumati ndi katemera wa kuiwala, imeneyo ndi mbava.

Chikutiwawa kwambiri ndi chimene tinalembapo kale, ndipo sitisiya. Agogo atuluka usiku, asochera, apezeka mbandakucha m'munda wa eni ake, chitenje chili m'manja, akufunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale. M'malo mowafunditsa ndi kuwaperekeza kwawo, mufuula kuti agwa m'lichero, mutola miyala. Manyazi mulibe? Amene anakuberekani kumbuyo, lero mukuwatcha mfiti chifukwa ubongo wawo wadwala! Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti, koma mpaka pano ena sanamvebe.

Malamulo alipo mbali zonse za malire. Mozambique ili ndi lamulo la 3/2014 loteteza okalamba, ndipo ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nanga otukwana agogo akuyendabe mwaufulu bwanji?

Mafumu, abusa, mashehe ndi asing'anga a bungwe la AMETRAMO la ku Mozambique, lekani kuyang'ana kumbali, uzani anthu anu poyera kuti kuiwala kotere ndi matenda. Apolisi, mangani aliyense wotola mwala. Inu muli ndi kholo loyamba kusochera, litengereni kuchipatala sabata ino.