ZA UMOYO M'MIDZI MWATHU: Kodi Cithunzi ca Msana Cimaona Ululu?

Mwezi wa June, nthawi yotola thonje, ndinagona masiku atatu m'dziko la Mfumu Msoro, m'boma la Mambwe. Tsiku lina madzulo, pa mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, ndinapeza acikulire ena ali cigonere pamphasa, mdzukulu wao alikuwaponda pamsana. Capafupi panali mbuzi ziwiri zomangirira kumtengo. Nditafunsa za mbuzizo anandiuza kuti zilindira wogula, cifukwa afuna ndalama zokwerera galimoto kunka ku Lusaka kukajambulitsa msana.

"Mwana wanga, kuno angondipatsa mapilisi," anatero. "Ine ndifuna makina aja oona m'kati, andiuze cimene cathyoka."

Mau otere ndawamva m'midzi yambiri ya kuno kum'mawa. Ambiri a ife tikhulupirira kuti dokotala amene sanatijambule ndiye kuti sanatione. Sabata ino tiyeni tikambirane za akatswiri amene anayesa cikhulupiriro cimeneci, ndi zimene anapeza.

Poyamba tiudziwe msanawo. Msana si fupa limodzi ai, koma mafupa ang'onoang'ono osanjikizana kuyambira m'khosi kufikira m'ciuno, ndipo 5 a m'munsi ndiwo asenza katundu wambiri. Pakati pa fupa ndi linzace pali kanthu kofewa kamene madokotala amakacha disc. Nchito yace ifanana ndi ya nkhata imene amai aika pamutu posenza mtsuko, cotero m'nkhani ino tizikachula kuti nkhata. Kumbuyo kwa nkhatazo kudutsa mitsempha yocokera ku bongo, yotsikira ku miyendo.

Makina a X-ray, amene ciyambi cace ndi nchito ya Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895, aonetsa mafupa bwino, koma nkhata siioneka. Makina ena ochedwa MRI, ogwira nchito ndi maginito amphamvu, aonetsa nkhata ndi mitsempha yomwe. Awa ndiwo anali kuwafuna acikulire aja. M'dziko lathu apezeka m'zipatala zazikulu zocepa, ndipo mtengo wace si wa mbuzi imodzi.

Mu 1994, a Dokotala Maureen Jensen ndi anzao a pa cipatala ca Hoag ku California, m'dziko la America, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wao m'magazini ya madokotala yochedwa New England Journal of Medicine. Iwo sanaitane odwala. Anaitana anthu 98 amene msana sunali kuwapweteka konse, nawajambula ndi MRI. Zithunzizo anazipereka kwa akatswiri awiri odziwa kuziwerenga, koma anasakanizamo zithunzi 27 za anthu odwaladi msana, kuti owerengawo asadziwe kuti ici n'ca wodwala, ici n'ca wabwino. Imeneyo ndiyo nzeru imene inandikondweretsa ine m'nchito yonseyi.

Zimene anapeza zinadabwitsa ambiri. Mwa anthu abwinobwino aja, 36 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi nkhata zonse zolunga. Oposa theka, 52 pa 100, anali ndi nkhata imodzi kapena zingapo zotundumuka, ndipo 27 pa 100 anali ndi nkhata yoturukira kunja ndithu. Komabe onsewo anali kuyenda, kugwira nchito ndi kugona tulo popanda kudandaula.

Taganizani tsono, awerengi. Wina wa anthu amenewa akadapalira munda tsiku lonse, mawa lace n'kudzuka msana uli gwa, n'kupita kukajambulitsa, cithunzi cikadaonetsa nkhata yotundumuka ija. Iye pamodzi ndi abale ace akadaloza cala nati, "Ndi ici!" Pamene nkhatayo inali comweco ululu usanabwere, ndipo idzakhala comweco ululu utatha.

Mu 2015 a Dokotala Waleed Brinjikji a ku Mayo Clinic, ku America komweko, anasonkhanitsa makafukufuku 33 okhudza anthu 3,110 osamva ululu wa msana. Anapeza kuti mwa anyamata ndi atsikana a zaka 20, okwana 37 pa 100 nkhata zao zinali zitayamba kale kutha. Mwa nkhalamba za zaka 80 anali 96 pa 100. Kutha kwa nkhata kuli ngati imvi, zingosiyana pakuti izi zimera m'kati. Kodi alipo amene amagulitsa mbuzi kuti akafunse cifukwa cace mutu wace wacita imvi?

Wina adzati, ngakhale zili tero kujambula sikuononga kanthu. Zimenezi nazonso zinayesedwa. A Dokotala Denise Kendrick ndi anzao a pa Yunivesite ya Nottingham ku England anatenga odwala msana 421, nawagawa pawiri mwa maere: ena anajambulidwa ndi X-ray, ena anangolandira cithandizo ca masiku onse. Zotsatira zinaturuka mu 2001. Patapita miyezi 3, odandaulabe ndi ululu anacuruka pakati pa ojambulidwa aja, ndipo ndiwonso anabwerera kwa dokotala kawirikawiri. Patapita miyezi 9, magulu awiriwo anali atacira mofanana, kungoti ojambulidwa anali okondwa ndi cisamaliro cimene analandira. Mtima unakondwa, msana sunapindule. Madokotala ambiri aganiza kuti munthu akauzidwa kuti mafupa ace adyeka, ayamba kuopa kuwerama ndi kuyenda, minofu nifooka, ululu nukhalitsa.

Msana wa khasu, wa thonje, wa mtolo wa nkhuni, kawirikawiri umayamba kupepuka wokha m'masabata 6. Cofunika ndico kusagona pamphasa sabata lathunthu. Pumulani tsiku limodzi kapena awiri ngati kwabvuta, kenaka yendani pang'onopang'ono, gwirani nchito zopepuka, thowani ndi nsaru yofunda. Thumba la thonje nyamulani awiri. Mapilisi a ululu ogula pa kantemba, monga Brufen ndi diclofenac, musawasandutse ndiwo za tsiku ndi tsiku, pakuti atupitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Za mphini sindinena zambiri, koma lumo limodzi lisateme anthu awiri.

Koma apa ndiyenera kuima, kuti wina asandimve molakwa. Makafukufuku a ku California ndi Nottingham aja anacitika m'maiko mmene cifuwa cacikuru ca TB n'cosowa. Kwathu kuno sicisowa. Kacirombo ka TB sikakhala m'mapapo mokha. Kamayenda m'magazi n'kukakhazikika m'mafupa a msana. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaifotokoza nthenda imeneyi mu 1779, ndipo mpaka lero ichedwa ndi dzina lace. Kacirombo kadya fupa pang'onopang'ono kwa miyezi, fupa lifwanyika, msana upindika n'kuturuka linunda, ndipo mafinya akapanikiza mitsempha miyendo imafa. Akuru ndi ana omwe amadwala, makamaka amene thupi lao lafooka ndi HIV kapena kusowa zakudya. Pa nthenda iyi cithunzi n'cofunika kwambiri, ndipo kucedwa ndiko kupundula munthu.

Tsono msana wa khasu tingausiyanitse bwanji ndi msana woopsa? Wa khasu umakula ndi nchito, nupepuka munthu akapumula. Woopsa supumula: umadzutsa munthu pakati pa usiku, ndipo sabata iliyonse uposa yapita. Ngati pamwamba pace munthu aonda, acita thukuta usiku, amva kutentha thupi madzulo, kapena pamsana paturuka kafupa kosongoka kopweteka pokhudza, asalindire masabata 6 aja. Cimodzimodzi amene anagwa mumtengo kapena pangolo, amene anadwalapo khansa, ndi mwana wamng'ono wodandaula msana masiku ambiri. Ndipo ngati miyendo iyamba kufooka, kapena pakati pa miyendo pacita dzanzi, kapena mkodzo ukana kuturuka kapena ungoturuka wokha, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo, ngakhale kuli usiku. Asodzi ndi ana osamba m'madambo adziwenso kuti, mwa kamodzikamodzi, mazira a likodzo amafika m'mitsempha ya msana n'kufooketsa miyendo.

Munthu wotere sayenera kuyamba ndi Lusaka. Apite pa cipatala ca pafupi, afotokoze zonse osabisa, alandire kalata yopita ku cipatala cacikuru, monga St Francis ku Katete kapena Chipata Central, kumene kuli X-ray. TB ya msana ikangoyamba kumene nthawi zina siioneka pa X-ray, cotero ngati zizindikiro zipitirira, bwererani. Mankhwala a TB ndi aulere, koma a msana amwedwa nthawi yaitali, kawirikawiri caka cathunthu. Ndipo inu a kwa Msoro mudziwa mmene njira ibvutira dzinja Lupande akadzaza. Musasunge nthenda kufikira mvula.

Acikulire aja ndinawafunsa mafunso omwewa, ngakhale ine sindine dokotala. Nsima adya bwino. Lamba ali pa ciboo comwe cija. Usiku agona, miyendo iri ndi mphamvu, ndipo ululu unayamba sabata laciwiri la kutola thonje. Ndinawapempha kuti abwerere ku cipatala akanene zomwezo, mbuzi zibaima.

Mpongozi wao, amene anali kusenda nsawa capambali, anamvetsera zonse osayankha. Nditanyamuka ananditsata kufikira kunjira, nagwada pang'ono.

"Abambo, pepani. Mwanenapo za thukuta la usiku. Mwana wa acimwene anga, wa zaka 9, papita miyezi itatu. Akafuna kutola kanthu pansi sawerama, amanjuta atagwira mawondo. Tinali kunena kuti ndi ulesi."

M'mawa mwace mwanayo anamkweza panjinga kupita naye ku cipatala. Pamene ndinali kucoka kwa Msoro anali atapatsidwa kalata ya ku Katete, ndipo mbuzi imodzi inali itagulitsidwa kuti ilipire ulendo wace.