MNYAMATA WA MPIRA NDI KHOMO LA KOLEJI

Mwezi uno tafuna kuti ticezeko nkhani ya kutali, ya ku America, koma imene kholo liri lonse lokhala ndi mnyamata wokonda mpira lidzaimva ngati ya pakhomo pake. Nkhaniyi ndi ya anyamata osewera mpira m'sukulu za sekondale za boma za dziko limenelo, ndipo funso lathu ndi ili: kodi ndani ayenera kuwakonzekeretsa kuti mpira wao uwafikitse ku koleji?

Tiyambe tanena kuti mpira wake si uja wa miyendo timaudziwa ifewu. Uwu ndi wonga dzira, amaunyamula m'manja ndi kuuponya, ndipo osewera amabvala zisoti zolimba cifukwa amagundana ngati nkhosa zamphongo. M'matauni ang'onoang'ono, Lacisanu madzulo, anthu amakhamukira ku bwalo la sukulu kukaonerera ana ao. Ku Allen, m'cigawo ca Texas, m'caka ca 2012 anatsegula bwalo lokhalamo anthu 18,000 limene linadya ndalama pafupifupi $60 miliyoni. Bwalo la sukulu imodzi ya sekondale limenelo!

Tsono tamvani ciwerengero. Anyamata oposa 1,000,000 amasewera mpira umenewu m'sekondale caka ciri conse. Bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, lochedwa NCAA, limati mwa anyamata 100 ali onse, pafupifupi 7 okha ndiwo amakapitiriza kusewera m'makoleji ake, ndipo 3 okha ndiwo amafika m'gulu lapamwamba la Division I. Kucokera pamenepo njira imapanikiza koposa. Ligi ya akatswiri olipidwa, ya NFL, imasankha anyamata pafupifupi 260 okha pa caka m'dziko lonselo, ndipo ambiri a iwo satha zaka zambiri asanacotsedwe kapena kubvulala.

Ife maganizo athu ndi akuti mphoto yeniyeni imene mwana wa mmphawi angaipeze mu mpira umenewu ndi koleji. Makoleji a ku America ndi odula zedi, koma ambiri amamlipirira fizi, cakudya ndi pogona mnyamata amene awasewerera bwino. Cithandizo cimeneci amaciti sikolashipu, conga basale imene timaidziwa kuno. Mnyamata akatuluka ndi digiri, mpira wamlipira, ngakhale asadzapondenso pabwalo. Ndipo tikunenetsa kuti nchito yomkonzekeretsa ndi ya sukulu ndi makolo, kuyambira tsiku limene walowa sekondale.

Cifukwa cake nciani tikuti kuyambira tsiku loyamba? Cifukwa malamulo a NCAA sayembekeza munthu. Sekondale ya kumeneko ndi ya zaka zinai, monga Fomu 1 kufikira Fomu 4 kuno. Kuti mnyamata asewere mu Division I, ayenera kutsiriza maphunziro 16 obvomerezedwa ndi bungwelo: zaka zinai za Cingerezi, zitatu za masamu, ziwiri za sayansi, ndi ena otero. Malikisi ake onse pamodzi afike pa 2.3 pa muyeso umene pamwamba pake ndi 4.0. Ndipo pali msampha umene ambiri amagwamo: maphunziro 10 mwa 16 amenewo ayenera kutha caka cotsiriza cisanayambe, 7 a iwo akhale a Cingerezi, masamu kapena sayansi, ndipo malikisi ake sakonzedwanso pambuyo pake. Mayeso olowera ku koleji a SAT ndi ACT bungweli linaleka kuwafuna mu 2023, cotero malikisi a m'kalasi ndiwo asenza katundu yense.

Taganizani tsono za mnyamata wa zaka 14, wamphamvu, wothamanga ngati gwape. Aphunzitsi akumuika m'makalasi opepuka kuti asalephere, timu ingasowe munthu Lacisanu. Iye ali kukondwa, makolo ali kukondwa, tauni yonse ikumuimbira m'manja. Pofika caka cotsiriza, mphunzitsi wa mpira wa ku koleji wabwera, wamuona, wamkonda, wapempha mapepala a sukulu. Powerenga apeza kuti maphunziro ena sali pa mndandanda wobvomerezeka, ndipo nthawi yokonza yapita. Kodi wolakwa ndi mwanayo? Ife tikuti iai. Mwana wa zaka 14 sadziwa malamulo a bungwe limene sanalimvepo. M'mera mpoyamba, ndipo wosamala mmera ndi mwini munda.

Pano mpamene sukulu za boma zimacepekedwa. Sukulu za boma ku America zimadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo a m'dera lomwelo, cotero dera lolemera liri ndi sukulu yolemera, dera losauka sukulu yosauka. M'sukulumo mumakhala mlangizi wothandiza ana kusankha maphunziro. Bungwe la alangiziwo limati mlangizi mmodzi asapitirire ana 250, koma m'dziko lonse mlangizi mmodzi ali ndi ana oposa 350. Kodi munthu wotere angakhale pansi ndi mnyamata mmodzi kumuwerengera maphunziro 16? Pamene ku sukulu ya IMG Academy ku Florida, imene fizi yake pa caka ipitirira $80,000 kwa ogonera pompo, kuli anthu olembedwa nchito yomweyo basi. Mwana wa mlimi ndi mwana wa mwini cuma akulimbirana khomo limodzi, wina ali ndi omperekeza, wina ali yekha.

Ndipo kungomdutsitsa mwana m'makalasi si kumthandiza ai. Bambo Dexter Manley anatsiriza sekondale ku Houston, nakhala zaka zinai ku Oklahoma State University, nachuka kwambiri mu NFL ndi timu ya Washington. M'caka ca 1989 anaima pamaso pa komiti ya aphungu a Senate, misozi iri m'maso, naulula kuti zaka zonsezo sanali kutha kuwerenga bwinobwino, ndipo anacita kuphunzira ali wamkulu kale. Aphunzitsi angati anamuona m'kalasi nakhala cete cifukwa anali kupambanitsa timu? Ife sitiwayesa abwenzi ake anthu amenewo. Anamdyera mphamvu zake, nambweza wopanda kanthu m'mutu.

Cigawo ca Texas cinayesa kukonza zimenezi. Mu 1984, potsatira komiti imene anaitsogolera Bambo Ross Perot, anakhazikitsa lamulo lakuti mwana wolephera phunziro liri lonse, ndiye kuti wosafika malikisi 70, asasewere kwa masabata 6. Mu 1995 anacepetsa nthawiyo kukhala masabata 3. Lamuloli ife tikulibvomereza, koma palokha silikwana. Lamulo lopanda cithandizo limangokankhira mphunzitsi ku ciyeso coonjezera malikisi, ndi mwana ku maphunziro opepuka. Sukulu imene iri ndi nzeru imaika ola la kuwerenga asanapite ku bwalo, mphunzitsi wa mpira ali pomwepo, ndipo iye yemweyo amaona malikisi a anyamata ake sabata ndi sabata, osayembekeza kutha kwa teremu.

Alipo ena amene amati: ngati ziri conco, cotsani mpira m'sukulu, ndalama zipite ku mabuku. Mau ao ali ndi mutu, makamaka tikakumbukira bwalo lija la ku Allen. Palinso za kubvulala. Mu 2017 madotolo a ku Boston University anapima ubongo wa anthu 111 amene anasewerapo mu NFL ndipo anamwalira, napeza nthenda yobwera ndi kugundagunda mutu mwa 110, ngakhale kuti maubongowo anaperekedwa ndi mabanja amene anali kukayikira kale. Zimenezi kholo liyenera kuzidziwa lisanalole mwana. Komabe ife sitigwirizana ndi kucotseratu mpira. Alipo anyamata ambiri amene amadzuka kupita ku sukulu cifukwa ca mpira wokha, ndipo munthu wamkulu amene amamumvera koposa ndi mphunzitsi wao wa mpira. Cingwe cimeneco ncolimba. Cofunika ndi kucimangirira ku kalasi.

Nkhani ya kubvulala ikutikumbutsa James Miles, wochedwa Boobie, wa sukulu ya boma ya Permian ku Odessa, Texas, amene mbiri yake inalembedwa m'buku la Friday Night Lights la 1990. Makoleji akuluakulu anali kumlembera makalata. Mu August 1988, m'masewera ongoyeserera, anabvulala bondo, ndipo makalata aja analeka kubwera. Bondo limodzi linagwetsa zonse cifukwa panalibe cina cimene anakonzeredwa.

Tsopano tikambe za ana a kumidzi, pakuti ali ndi bvuto lao lapadera: palibe amene amawaona. Aphunzitsi a mpira a m'makoleji amayenda m'mizinda ikuluikulu ndi m'misasa yolipira imene mwana wa mmphawi sangafikeko. Josh Allen anakulira pa munda wa thonje wa makolo ake ku Firebaugh, tauni yaing'ono ya alimi ku California, naphunzira pa sukulu ya boma ya pomwepo. Potsiriza sekondale panalibe koleji ya Division I imene inampatsa sikolashipu. Analowa ku Reedley College, koleji yaing'ono ya zaka ziwiri, ndipo ali kumeneko anatumiza makalata a pa intaneti kwa aphunzitsi a mpira oposa 1,000, pamodzi ndi vidiyo ya kasewero kake. Makoleji awiri okha ndiwo anamfuna, Eastern Michigan ndi Wyoming. Anapita ku Wyoming, mu 2018 timu ya Buffalo Bills inamsankha wacisanu ndi ciwiri m'dziko lonse, ndipo anapatsidwa ulemu wa wosewera wopambana onse mu NFL wa nyengo ya 2024.

Nkhani yake imakoma, koma tisaimve molakwa. Timaidziwa cifukwa anapambana. Anzake ambirimbiri amene analemba makalata osayankhidwa palibe amawachula. Cimene titolapo ndi ici: kujambula vidiyo, kulemba makalata, kulembetsa dzina ku ofesi ya NCAA yoona za mapepala, zonsezi si zodula, ndipo sukulu ya boma ingathe kuzicita kwa mwana ali yense m'caka cake caciwiri kapena cacitatu. Nanga bwanji mwana azicita yekha atatuluka kale?

Cina cimene tikudandaula naco ndi kunyoza makomo ang'onoang'ono. Anyamata ambiri amangolota makoleji oonetsedwa pa wailesi ya kanema. Koma kuli Division II, kumene malikisi ofunika ndi 2.2 ndipo sikolashipu imagawidwa zidutswazidutswa. Kuli Division III, kumene kulibe sikolashipu ya mpira konse, koma mwana wa malikisi abwino amapeza cithandizo ca maphunziro, mpira nkumthandiza kulandiridwa. Kuli makoleji a bungwe la NAIA ndi aja a zaka ziwiri. Boma nalo limapereka kwa ana osauka ndalama yosabweza yochedwa Pell Grant, imene mu 2024 inali kufika $7,395 pa caka, koma kuti uilandire uyenera kudzaza fomu ya FAFSA, ndipo mabanja ambiri osauka saidzaza cifukwa palibe anawalongosolera. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Digiri ya ku koleji yaing'ono imagula cakudya cimodzimodzi.

Masiku ano mwalowanso ndalama. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera a m'makoleji analoledwa kulandira ndalama pogulitsa dzina lao kwa amalonda, ndipo mu June 2025 woweruza Claudia Wilken anabvomereza pangano lolola makoleji akuluakulu kulipira okha osewera ao, mpaka $20.5 miliyoni pa koleji imodzi m'caka coyamba. Kulipira munthu wokhetsa thukuta ncilungamo, sitikutsutsa. Koma ndalamazo zimagwera ocepa a pamwamba, pamene fungo lake limakoka afisi kwa ana onse. Mu August 2021 timu ya sukulu yochedwa Bishop Sycamore ya ku Ohio inaonetsedwa pa kanema ya ESPN ikugonja 58 kwa 0 ndi IMG Academy. Anthu atafufuza, a boma la Ohio ananena mu December caka comweco kuti inali yacinyengo, yopanda maphunziro enieni. Anyamata anasiya makwao kutsata lonjezo la koleji, natayapo nthawi imene sidzabweranso. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ife kuno zikutikhudza bwanji? Makoleji omwewa amatenganso osewera mpira wa miyendo ocokera maiko ena, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la Ascent Soccer limene latumizako ana ena a kuno m'sukulu za ku North America kupyolera mu mpira ndi maphunziro pamodzi. Kumeneko amafunsa mapepala a sukulu monga momwe amamfunsira mwana wa ku Texas. Ngakhale pakhomo pompano, yunivesite ya boma imafuna makiredi 6 pa mayeso a MSCE, limodzi likhale la Cingerezi, ndipo zigoli sizilowa m'ciwerengeroco.

Cotero, amai ndi abambo, amene muli m'makomiti a sukulu, pa msonkhano ukudzawu funsani aphunzitsi aakulu kuti akuonetseni malikisi a teremu yatha a ana onse a m'timu ya sukulu, ndi kuti ndani amawaona malikisiwo asanapite ku bwalo. Ndipo akakufikirani munthu pakhomo ndi kuti mumpatse ndalama akampezere mwana wanu malo a mpira kunja, mufunseni dzina la sukuluyo, mupite nalo kwa aphunzitsi aakulu alifufuze musanagulitse mbuzi ngakhale imodzi.