Pepala Lililonse Lili ndi Funso Lake

Nyengo ya kampeni ikafika, dziko limasintha nkhope. Magalimoto a zimkuzamawu amayendayenda m'makomboni ndi m'midzi, zitenje ndi masikipa a zipani zimagawidwa pamisonkhano, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu imavala zithunzi za anthu ofuna mipando. M'phokoso lonseli, dzina limene limamveka kwambiri ndi la munthu wofuna upulezidenti. Koma tikalowa m'nyumba yoponyera voti, satipatsa pepala limodzi lokha. Mwezi uno, awerengi okondedwa, tiyeni tikambirane za mapepala enawo, amene kawirikawiri timawaconga mothamanga ngati kuti ndi micira cabe ya pepala loyamba.

Pa 11 August 2016, munthu wovota m'dziko lathu anali ndi mapepala asanu. Loyamba linali la pulezidenti, laciwiri la phungu wa Nyumba ya Malamulo, lacitatu la meya kapena wapampando wa khonsolo, lacinai la khansala wa m'wadi. Lacisanu linalibe nkhope ya munthu aliyense. Linali la riferendamu, ndiko kuti funso limene anthu a m'dziko amayankha okha kuti "Inde" kapena "Ayi". Cizindikiro ca "Inde" cinali diso, ca "Ayi" cinali khutu.

Funsolo linali lalikulu. Linafunsa ngati tikuvomera kuti cigawo cacitatu ca Malamulo a Dziko, cimene cimanena za ufulu wa munthu, cikulitsidwe. M'zimene anafuna kuonjezamo munali ufulu wa kupeza cakudya, madzi abwino, cithandizo ca mankhwala, maphunziro ndi pogona, pamodzi ndi ufulu wa ana, wa okalamba ndi wa anthu olumala. Koma m'funso lomwelo anamangiramo nkhani inanso, ya kucotsa ndime 79 ndi kuikapo ina. Ndime imeneyi ndiyo imanena njira yosinthira Malamulowo. Munthu wokondwa ndi nkhani imodzi koma wokayikira inzake analibe pothawira, pakuti yankho linali limodzi lokha.

Kampeni itatentha, funsoli linavala malaya a cipani. Cipani colamula pa nthawiyo, PF, cinauza anthu ace kuti aconge diso. Cipani cacikulu cotsutsa, UPND, cinauza anthu ace kuti akane. Kuyambira pamenepo, diso ndi khutu zinasanduka mbendera, ndipo ndi ocepa amene anakhala pansi kumva zimene zinalembedwa. Zotsatira zace nazi. Ovomera anaposa pang'ono 1,850,000, okana anali ngati 750,000, ndipo mapepala oposa 700,000 anatayidwa cifukwa sanacongedwe bwino kapena sanacongedwe konse. Ngakhale ovomera anacuruka, funsolo linagwa, pakuti lamulo linafuna kuti theka la nzika zonse za msinkhu wovota livomere, ndiwo anthu oposa 3,700,000.

Pano sitikuweruza amene anaconga diso kapena amene anaconga khutu. Aliyense anali ndi ufulu wace. Cimene ciyenera kutidetsa nkhawa ndi mulu uja wa mapepala otayidwa. Anthu onsewo anaima pamzere, ena kuyambira m'bandakuca, nalandira pepala m'manja, koma mawu ao sanawerengedwe. Kufikira lero ufulu uja wa madzi ndi wa mankhwala sunalowe m'cigawo cacitatu.

Yankho la pa riferendamu limakhala nthawi yaitali kuposa mpando wa munthu. Pa 17 June 1969, anthu a m'Zambia anafunsidwa ngati akuvomera kuti Nyumba ya Malamulo izisintha yokha Malamulo a Dziko popanda kufunsanso anthu. Ovomera anali pafupifupi 85 pa 100 alionse. Patapita zaka zitatu, mu December 1972, dziko linalowa mu ulamuliro wa cipani cimodzi, ndipo panalibe lamulo lokakamiza boma kuti lifunse anthu pa riferendamu. Ulamulirowo unakhala mpaka 1991. Phungu wolephera nchito timamucotsa pakapita zaka zisanu, koma khomo limene tatsegula ndi "Inde" wosaganizira bwino lingakhale cotsegukira mpaka ana athu atakula.

Anansi athu a ku Malawi anationetsa mbali ina ya nkhaniyi. Pa 14 June 1993 iwo anafunsidwa funso limodzi lomveka: cipani cimodzi kapena zipani zambiri. Zizindikiro zinali tambala wakuda ndi nyali. Nkhaniyo inali itakambidwa m'mabanja, m'misika ndi m'machalichi kuyambira pa kalata ya Maepiskopi ya mu March 1992, ndipo pa tsikulo panalibe masankho ena osokoneza maganizo. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Wosadziwa kulemba ndi wophunzira yemwe, onse anadziwa cimene dzanja lao linali kucita.

Riferendamu imabwera mwa kamodzikamodzi. Koma pepala la khansala ndi la meya limabwera pa masankho akulu alionse, ndipo nalonso timalicita cimodzimodzi. Kufunsa anthu pamsika dzina la khansala wao, ambiri amakanda kumutu, cikhalireco ndiye mtsogoleri wokhala pafupi kwambiri ndi khomo lathu. Khonsolo ndiyo imayang'anira misika ndi masiteshoni a mabasi, imatolera misonkho ya pamsika, imacotsa zinyalala, imasamala ngalande ndi misewu ya m'makomboni, imapereka ziphaso za malonda ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Madzi a mvula akadzaza m'nyumba ku Kanyama, kapena kolera ikabuka monga inacitira mu Lusaka mu 2017 ndi 2018, nkhani ya ngalande ndi zinyalala imakhala nkhani ya moyo ndi imfa.

Zinthu ziwiri zakulitsa kulemera kwa mapepala amenewa. Coyamba, kusintha kwa Malamulo a Dziko kwa mu January 2016 kunapatsa anthu mphamvu yosankha okha meya kapena wapampando wa khonsolo. Kale makhansala ndiwo anali kusankhana okhaokha. Caciwiri ndi thumba la citukuko ca dera la phungu, lija timalichula kuti CDF. Mu 2021 dera lililonse linali kulandira K1.6 miliyoni pacaka, koma mu 2022 ndalamazo zinakwera kufika K25.7 miliyoni. Ndi ndalama zomangira makalasi, zipatala zazing'ono, milatho ndi zitsime, zolipirira ana osauka kusukulu zogonera komweko ndi zophunzitsa nchito zamanja, ndiponso zothandiza magulu a amai ndi a acinyamata. Zopempha za anthu zimayambira m'komiti ya citukuko ya m'wadi, ndipo ndalama zimadzera m'manja mwa khonsolo. Kodi munthu woti akhale pafupi ndi nkhokwe yotere tingamusankhe cifukwa ca mtundu wa sikipa lace basi?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nthawi ya kampeni ndiyo nthawi yofunsa, pakuti ndi pamene wofuna mpando amabwera yekha pakhomo, cipewa cili m'manja. Mufunseni kumene amakhala, ndi kumene ana ace amatunga madzi. Mufunseni nchito imene anagwirapo kale pakati pa anthu, kaya m'komiti ya sukulu, kaya pamsika, kaya pamaliro a m'mudzi. Ngati ndi khansala wofuna kubwereranso, akuuzeni misonkhano ingati anaitanitsa m'wadi, ndi zinthu ziti zinamangidwa, ndipo zinadya ndalama zingati. Akalonjeza cinthu, mufunseni ngati cili m'mphamvu ya khonsolo. Khansala wolonjeza kutsitsa mtengo wa unga kapena wa feteleza akulonjeza mbuzi ya mwini. Ndipo likadzabweranso funso la riferendamu, pemphani kuti akuwerengereni mawu ace enieni m'cinenero canu, musanamve kuti cipani cakuti cikuti ciani.

Za zitenje ndi ndalama za pamsonkhano, tizikumbukira kuti kugula voti ndi mlandu pa malamulo a masankho, ndipo voti ndi yacinsinsi. Wopereka mphatsoyo salowa nanu m'kacipinda. Citenje cimasuluka mvula iwiri isanathe, pamene wosankhidwayo akhala zaka zisanu. Sitikunena kuti munthu ataye cipani cace. Angathe kuconga cipani comweco pamapepala onse, ngati pa pepala lililonse wayamba waona munthuyo nakhutira naye. Lamulo limalolanso kusankha pulezidenti wa cipani cina, phungu wa cina, ndi khansala woima payekha. Pepala siliwonongeka cifukwa ca ico.

Malamulo a Dziko anaika masankho akulu pa Lacinai laciwiri la mwezi wa August pa zaka zisanu zilizonse, cotero tsikulo silitidzidzimutsa. Pamene likuyandikira, banja likhale pamodzi madzulo ena, bambo, mai ndi ana amene afika zaka 18, nachule mapepala onse limodzi ndi limodzi. Pa pepala lililonse afunsane: kodi tikumudziwa munthuyu, ndipo nchito ya mpando umenewu ndi yotani? Pamene yankho lasowa, ndi pomwepo payenera kufufuzidwa tsiku lisanafike. Agogo amene maso ayamba kucita cidima, ndi mwana wovota koyamba, aonetsedwe m'mene pepala limacongedwera, kuti mawu ao asakathere pa mulu wa mapepala otayidwa.