Kuwotcha n'kwina, kuwotcherera n'kwina

Foloko ya njinga yanga itathyoka pa Mbulumbuzi, mnyamata wina wa kabaza anandilozera kuseri kwa magolosale. "Pitani uko akakuwotcherereni, bambo." Ndinaseka ndekha. Akanakhala mlendo wongoyamba kumene Chichewa, bwenzi ataliyatsa liwiro.

Mawu amenewa amandipatsa chidwi. Timawotcha chimanga, njerwa, makala, ngakhale tchire. China chimapsa bwino, china chimatsala phulusa. Koma tangoikaponi kamchira kaja ka "-erera", moto womwewo waleka kuwononga, wayamba kulumikiza.

Chovuta n'chakuti mawuwa tawasenzetsa katundu wa anthu atatu. Mmisiri amene anagwira njinga yangayo amasungunula chitsulo chenichenicho, chomwe sichigonja mpaka moto ufike madigiri pafupifupi 1,500, ndipo zidutswa ziwiri zimasanduka chimodzi. Wokonza mafoni pa Namadzi nayenso amati akuwotcherera, chonsecho waya wake sasungunuka ayi. Chimasungunuka ndi kamtovu kofewa kaja, pa madigiri cha m'ma 200 basi, n'kugwira wayayo ngati phula. Ndiye pali amisiri oyenda m'midzi, amene amafiiritsa kachitsulo pambaula n'kumata nako beseni lapulasitiki long'aluka. Iwonso akuti awotcherera, ngakhale palibe chitsulo chalumikizidwa.

N'chifukwa chake ine munthu akandiuza kuti "ndawotcherera" sindithamangira m'thumba. Ena amangodontheza timadontho tiwiri, n'kupakapo penti. Mawu ndi omwewo, koma geti limakagwa mvula yoyamba.

Makolo athu anali ndi mawu awo: kusula. Wosula ankapemerera moto ndi mvukuto, n'kumasansantha chitsulo mpaka litatuluka khasu kapena nkhwangwa. Lero kusula kunavala tayi. Pawailesi timamva kuti TEVETA ikusula achinyamata, mwinanso kuti mafumu asulidwa pamaphunziro a masiku atatu, kopanda nyundo kapena nthethe. Kuwotcherera kokha ndiko kunakana kukwezedwa, kudakali m'mbali mwa msewu wa Zomba, pakati pa mafelemu a mawindo ndi mabedi.

Tsiku la foloko lija tinadikira magetsi mpaka dzuwa kupendeka. Atayaka, mmisiri uja anagwira ntchito yake bwino ndithu, koma magalasi analibe. Ankangotsinzina n'kupotoza khosi. Nditamufunsa za maso, anati usiku amamva ngati muli mchenga, koma m'mawa amakhala atapola.